Lachinayi Lililonse

Lachinayi lililonse timakwera basi ya ku Torry, ine ndi Struan,
mvula ya ku Aberdeen ikutsuka miyala yotuwa ya mzinda uno
yomwe sinayerepo chiyambire.
Iye amakhala kuwindo, ine chapatali pang'ono.
Pakati pathu pamatsala malo okwana mwana wa zaka zisanu ndi zitatu
amene sitimutchula dzina m'basi.

Chipinda cha Mayi Dalgleish chili ndi mipando itatu ndi wotchi yosafulumira.
Tsiku loyamba anandifunsa: Usiku anawa ankatsala ndi yani?
Ndinati: Okha.
Ine ndinkatumbula nsomba kufakitale ya kudoko mpaka mbandakucha,
bambo awo ali pakati pa nyanja kokumba mafuta, masabata atatu,
ndipo akabwera nyumba inkanunkha mowa,
zitseko zinkamenyetsedwa, ana ankadya mwakachetechete.
Mnyamata wa zaka khumi ndi zitatu ndinamusiyira kiyi, foni, ndi mlongo wake.
Ndinati: Ndiwe bambo wa nyumba ino tsopano.
Ndinkayesa ndikumulemekeza.

Foniyo inamuuza zomwe ine ndinkachita manyazi kumuuza,
inamuuza mokhotetsa, pakati pa usiku, popanda womufunsa waonanji.
Panalinso china, chakale,
chimene anachilavula mwezi wachisanu, maso ali pansapato:
mnyamata wamkulu wa kwa aneba, mugalaja, iye akadali wamng'ono.
Ndinachigwira ngati chingwe cha womira,
ndinafuna kufuula kuti mwaona, si mwana wanga ameneyu.
Mayi Dalgleish anapukusa mutu.
Anati: Bala lakelo tilichiza,
koma silifufuta mapazi amene iye anaponda yekha.

Akumuphunzitsa chiganizo chopanda koma.
Ankati tinkangosewera. Ankati sindikukumbuka. Ankati sanalire.
Chisanu chinagwa, chinasungunuka, chinagwanso,
kenako tsiku lina, mawu ali njenjenje:
Ndinamupweteka Morven. Ndinkadziwa. Ndine.
Sindinadziwe ngati ndimukumbatire kapena ndituluke kukasanza.

Tsopano amagona ku Dyce, kwa amalume ake a Fergus.
Pafiriji anamatapo pepala la malamulo lolembedwa ndi dzanja lake:
foni igone pabalaza, asatsale yekha ndi mwana aliyense,
kusungulumwa kukamukwera pachifuwa auze munthu wamkulu.
Loweruka amathamangitsa mpira ndi anyamata a msinkhu wake,
iye amene sanakhalepo ndi mnzake woti n'kumuitana kunyumba.

Lolemba ndi la Morven.
Nyumba ina, mlangizi wina, bokosi la makrayoni.
Ankajambula nyumba zopanda zitseko.
Sabata yatha wajambula chitseko chofiira, loko wake wamkulu kuposa denga,
kiyi ali m'thumba la kamtsikana koima panja.
Anakaulula kwa aphunzitsi ake, osati kwa ine.
Minga imeneyo ndimagona nayo.
Atandifunsa ngati Struan anachoka chifukwa cha pakamwa pake,
ndinagwada mpaka maso athu analingana:
Ayi, mwanangu. Pakamwa pako ndi pomwe panatipulumutsa tonse.

Kalata yopepesa ili m'kabati ya Mayi Dalgleish, yalembedwa kasanu.
Siidzanyamuka mpaka Morven ataifuna.
Mwina sadzaifuna, ndipo Struan akuphunziranso chimenecho.

Kuntchito wina anati mutayeni, chilombo chimenecho.
Apongozi anati n'zachibwana, musanyazitse banja, iwalani.
Onsewo amagona tulo.
Ine ndinabereka awiri, mimba yake imodzimodzi,
ndimagula buledi muwiri, wa nyumba ziwiri,
ndimakhulupirira wina popanda kutaya mnzake,
ndipo msana umandiuza kulemera kwake.

Lero pobwerera, basi itaima pamlatho wa mtsinje wa Dee,
anapukuta nthunzi pagalasi ndi mkono wa juzi.
Anafunsa osandiyang'ana:
Dzino lake lija linkagwedera lija, linachoka?
Ndinati: Linachoka.
Sindinawonjezere kanthu.
Zotsalazo ndi za Morven,
adzanena yekha akadzafuna.